Bulangete Lokana Moto

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikugulitsa mabulangete a kaunjika mumsika wa Chinsapo, ndipo mukanandifunsa chaka chatha ndikanakuuzani modzitama kuti palibe bulangete lomwe lingandipusitse ine Levi. Ndimangoligwira ndi zala ziwiri n'kudziwa ngati ndi namba wani kapena zinyalala zongodzazira belo. Likakhala ndi ulusi wolendewera m'mphepete ndimayatsa machesi n'kuupsereza. Umasungunuka ngati jumbo, n'kuuma gwa, basi bulangete laoneka latsopano. N'chifukwa chake m'thumba mwanga simusowa machesi ngakhale sindisuta.

Koma kunyumba kwathu kunali bulangete limodzi lokha, lopyapyala loti mutha kusefera ufa. Mkazi wanga Ennie ankandinena nalo tsiku ndi tsiku.

"Mumafunditsa Chinsapo yense, ife kuno tikugona ndi chitenje," ankatero.

Ine ndinkamuyankha kuti katundu wa bizinesi safunda, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Mwana wathu Yona anabadwa mu Juni, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Asanabwere iyeyu, mimba ziwiri zinapita padera, ndiye mutha kudziwa mmene mitima yathu inalili. Sanakwane ndi makilo awiri omwe. Atakhala kuchipatala masabata atatu anatitulutsa, koma ndi lamulo: mwana azikhala pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhudza khungu, atamangidwa ndi chitenje, ndipo asazizidwe ngakhale pang'ono. Eni ake amati kangaru. Namwino wina anandiloza ine n'kunena kuti, "Nanunso abambo chifuwa muli nacho, muzilandirana." Ndinaseka n'kunena kuti zimenezo n'za azimayi. Zoona zake ndinkaopa. Kamwanako kanali kochepa moti ndinkaona ngati ndikathyola ndi manja anga okakalawa.

Lachiwiri la sabata yomwe anatuluka ndinadula belo latsopano. Munali za masiku onse, mabulangete a maluwa aja ofewa ngati mphaka koma osachedwa kutha. Pakatikati m'pamene panali chinthu china. Bulangete limeneli linali lolemera, lofiira ngati njerwa yootcha bwino, lili ndi mizere yakuda, yachikasu ndi yobiriwira yokwera ngati masitepe, ina yosongoka ngati mivi. Kutembenuza, kuseri kwakenso kukongola chimodzimodzi. Silinali lofewa kwenikweni, linkakanda pang'ono, koma ukangolowetsa dzanja m'kati unkamva kutentha nthawi yomweyo. Pakona panali kansalu kosokeredwa, dzina la sitolo litafufutika, mawu owerengeka ndi amodzi okha: Arizona.

Azimayi atatu analigwira nthawi imodzi, aliyense akukoka mbali yake. Ndinawalanda onse. Kwa nthawi yoyamba chiyambire bizinesi, ndinapita ndi katundu kunyumba. Ennie analisisita, kundiyang'ana, n'kufunsa ngati ndikudwala. Kuyambira tsiku limenelo ankafunda iye ndi Yona pachifuwa, ndipo akafuna kumutsitsa pang'ono ankamukulunga momwemo katatu.

Lachisanu masana ndinalakwitsa pomuonetsa Weston chithunzi cha bulangetelo. Weston ndi mnzanga wa benchi yoyandikana, amagulitsa matchaja ndi zikwama za mafoni, ndipo palibe nkhani padziko pano yomwe iye saidziwa, bola foni ikhale ndi bandulo. Anachikulitsa chithunzicho, kuwerenga kansalu kaja, n'kuyamba kutobwanya foni yake.

"Aise, ichi n'chinthu chenicheni," anatero Weston. "Akuti ndi mabulangete a Anavaho."

"Ndiye ndani amenewo?"

"Eni nthaka a ku Amereka, omwe azungu anawapeza. Amakhala kuchipululu, amaweta nkhosa. Akuti kalekale azungu anakamanga masitolo m'chipululumo, imodzi apa, ina ulendo wa tsiku lathunthu pa hatchi. Ngati sitolo za Mandala zija ankanena akuluakulu. Anthu ankabwera ndi ubweya wa nkhosa ndi nsalu zoluka okha, n'kusinthitsa ndi ufa, shuga, khofi. Zoluka zawozo mwini sitolo ankakagulitsa kutali, iwowo n'kumafunda a kufakitale ngati lakoli, opangidwa dala m'mitundu yomwe ankaikonda."

"Ndiye ndi abale anga amenewo," ndinatero ndikuseka. "Zabwino kugulitsa, eni ake kufunda zina."

Weston sanaseke. Chala chinaima pafoni, nkhope n'kusintha.

"Eee. Mani, mwana mukumugoneka momwemu?"

"Bwanji?"

"Akuti munthu akamwalira, abale ankapita kusitolo komweko kukagula bulangete lomukulungira. Ndipo akuti anthu ake maliro amawaopa koopsa. Mtembo sakonda kuukhudza, moti nthawi zina ankapempha mwini sitolo kuti akaike ndi iyeyo. Katundu wa womwalira sankamusunga, ngakhale nyumba yomwe wafera ankaisiya." Anaweramira kwa ine n'kutsitsa mawu. "Ndiye tandiuza aise, chinthu chokongola chonchi, chosang'ambika paliponse, munthu wamoyo angachitaye kuti chilowe mu belo? Limeneli eni ake analithawa."

Pomwepo panabwera munthu wofuna tchaja, Weston n'kuponya foni m'thumba ngati sananene kanthu.

Ife a kaunjika nkhani yoti timagulitsa zovala za akufa timaimva tsiku lililonse, ndipo ine ndimayankha kuti sopo sadziwa maliro. Tsiku limenelo yankho langa lomwe silinandithandize. Ndinalongedza katundu dzuwa likadalipo n'kubwerera kunyumba.

Ndinapeza Ennie atakhala pabedi, bulangete lija litawakuta onse awiri, kamutu ka Yona kokha kakuoneka m'chipewa chake.

"Lero sakuyamwa bwino," anatero Ennie. "Akangokoka kawiri wagona. Dzulonso anayamba choncho pang'ono."

Ndinawerenga masiku mumtima. Bulangete linabwera Lachiwiri, Lachinayi mwana wayamba kufooka. Ndinafuna kumuuza Ennie, koma ndikanayamba bwanji? Mkazi woti wataya awiri, ndimuuze kuti wachitatu ndamubweretsera ndekha nsalu ya maliro? Ndinangoti mwina ndi kuzizira. Tulo sindinatione, ndipo pofika m'mawa ndinali nditaganiza chochita.

Loweruka kunacha ndi chisanu cha Julaye chija cholowa m'mafupa, kumwamba kuli mitambo, kamphepo kakuwomba kuchokera kudambo. Matewera anali atadzaza ndowa.

"Pita ukachape kukiyosiki ya madzi, upumeko mpweya wakunja," ndinamuuza Ennie. "Mwana ndikhala naye ine."

Anandiyang'ana modabwa. "Inu? Mumuika pachifuwa?"

"Ndimuika."

Anamwetulira, kumwetulira komwe kumandipweteka mpaka lero. Anandionetsa mmene ndimangire chitenje, n'kunditsindika kuti tifunde tonse awiri. Kenako anasenza ndowa n'kutuluka. Ndinkadziwa kuti Loweruka pampopi pamakhala mzere wautali.

Atangokhota pakona ndinamuvundukula Yona. Ndinamugoneka pabedi, kumufunditsa chitenje chopinda pawiri ndi kabulangete kathu kosefera ufa kaja. Lofiiralo ndinalinyamula ndi nsonga za zala, kutali ndi thupi, n'kupita nalo kuseri kwa nyumba pafupi ndi bafa. Chitseko chakuseri ndinachisiya chotsegula kuti mwana akalira ndimve. Ndinkati ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mabulangete ndimawadziwa, ukangogunditsa moto amalilima okha.

Ndinayatsa machesi n'kugunditsa pakona. Panada pang'ono, moto n'kuzima. Ndinayatsa wina, chimodzimodzi. Wachitatu ndinaugwira mpaka kundiotcha chala, koma nditangouchotsa, kamoto komwe kanagwira kanafa kokha ngati wina wakauzira. Ndinacheuka. Kuseriko ndinali ndekha.

Ndinang'amba katoni, kuyatsa, n'kuika bulangete pamwamba. Katoni inapsa yonse mpaka phulusa. Bulangete linangodera, mizere yake ikundiyang'ana. Machesi anayamba kundithyokera ndisanayatse. Zaka khumi ndi chimodzi ndikupsereza ulusi, sindinaonepo nsalu yokana moto.

Ndinathamangira mbaula, kuthira makala, kukoleza ndi mapepala, kukupiza ndi chivundikiro cha poto mpaka makala anafiira. Ndinapinda bulangete n'kulikanikiza pamakalapo ndi mtengo. Apa ndiye utsi unatuluka, wokhuthala, wachikasu. Ndipo unabwera ndi fungo.

Fungo limenelo ndinkalidziwa. Tili ana kwathu ku Thyolo, mlongo wanga anasinza pafupi ndi koloboyi tsitsi lake n'kugwira moto. Linali lomwelo, fungo la tsitsi la munthu likupsa. Ndinakoka bulangete n'kuyang'ana pomwe panapsapo. Sipanasungunuke ngati jumbo. Panali timibulu takuda tomwe nditakhudza ndi mtengo tinangofumbutuka, ndendende mmene limachitira tsitsi. Ndinagwa chokhala pansi. M'mutu mwanga munabwera chinthu chimodzi: ichi anachiluka ndi tsitsi la anthu akufa, ndipo mwana wanga wagonamo masiku anayi.

Ndinapemphera mawu osamveka. Ndinaganiza zoliponya m'chimbudzi, koma ndiye kuti likhala pompano mpaka kalekale. Ndinaganiza zokalitaya kumtsinje wa Lilongwe, koma kulinyamula mtunda wonsewo sindikanatha. Ndinabwerera kumbaula n'kumakanikiza, kukupiza, kukanikiza, misozi ikutuluka ndi utsi ndi mantha omwe. Panabooka chibowo choti n'kulowa chibakera, koma moto wokha osakolera. M'nyumba munali zii, ine n'kumati mwana wagona bwino popeza chinthucho chamuchoka. Nthawi sindinaione. Ndinangozindikira kuti makala omwe ndinathira akuda asanduka phulusa loyera.

"Ndani akuwaula mbuzi m'mawa uno osatiitana?"

Anali Amayi Nabanda, eni nyumba yomwe timachita lendi, mayi wamkulu wa ku Dedza yemwe wakhala mu Chinsapo chiyambire kuli tchire. Anatulukira pakona atagwira mphuno. Atandiona ndili pansi, nkhope yonse mwaye, anasiya nthabwala.

"A Levi, kwagwanji?"

"Amayi, musayandikire! Ndi la maliro ili. Likukana moto. Tamvani fungolo, ndi tsitsi la anthu!"

Ndinawafotokozera mobalalika za Weston, za masitolo a m'chipululu, za anthu othawa katundu wa akufa. Iwo sanadikire kuti ndimalize. Anawerama, kulitola ndi manja awiri, kufikisa popsapo ndi zala n'kununkhiza.

"Ubweya wa nkhosa uwu," anatero. "Weniweni. Tili atsikana, amayi a Chigwirizano kutchalitchi ankatiphunzitsa kuluka majuzi, ndipo ulusi tinkauyesa ndi moto. Wa nkhosa sukolera, umanunkha tsitsi. Nanga ubweya si tsitsi la nkhosa? Inu zaka zonsezi mwakhala mukugulitsa mapulasitiki, lero mwaona bulangete lenileni mwaliyesa mfiti. Safunsa anadya phula, a Levi."

Nkhosa. Weston anatchula nkhosa kawiri konse, ine n'kungotola za maliro zokha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma Amayi Nabanda anali akuyang'ana chitseko chathu chotsegula chija, mphepo ikuchikankha uku ndi uku.

"Mayi a mwana ali kuti?"

"Kukiyosiki."

"Nanga mwana mwamufunditsa chiyani?"

Amayi Nabanda, mayi woti amayenda modandaula mawondo, anathamanga tsiku limenelo, bulangete lili m'manja, ine pambuyo.

Yona anali mmene ndinamusiyira, koma sanali yemwe uja. Milomo inali itatuwa. Nditamugwira kaphazi ndinamva kuzizira ngati botolo lochokera mufiriji. Ndinamuitana dzina, ngati kamwana ka masabata atatu kangayankhe. Amayi Nabanda anamutsina kuchidendene. Palibe. Anamutsinanso mwamphamvu, ndipo panatuluka kamawu kochepetsetsa, kosakwana kulira. Mantha a kuseri kuja anali masewera. Awa ndiwo anali mantha, oti mkodzo unatsala pang'ono kutsika.

"Vulani malaya," anatero Amayi Nabanda.

"Amayi, ine sindinayambe..."

"Vulani!"

Ndinavula. Anamuchotsa Yona zonse kusiya thewera ndi chipewa, n'kumugoneka pachifuwa panga. Kuzizira kwake kunandilowa mpaka kumsana. Anatimanga ndi chitenje, kenako anatambasula bulangete lija kuti atikute. Thupi langa linabwerera lokha m'mbuyo. Ndinali nditamva kuti ndi nkhosa, koma fungo linali likadali lomwe lija.

Amayi Nabanda anandiyang'ana m'maso. "Sankhani chimodzi choopa, bambo. Bulangete kapena kabokosi."

Ndinaima chilili, iwo n'kutikulunga.

Anaimitsa njinga yamoto ya kabaza pamsewu, kundikweza, n'kumuuza woyendetsa kuti asaime paliponse mpaka kuchipatala. Tinadutsa pakiyosiki. Ennie anali atawerama pa beseni, ndipo atadzutsa mutu anaona mwamuna wake ali pa njinga, wopanda malaya, atakutidwa ndi bulangete lofiira. Ndinangomva kukuwa kwake kumbuyo kwathu, ndi mawu a Amayi Nabanda akuitana njinga ina.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Msewu wa Chinsapo ndi mabampu okhaokha, ndipo bampu iliyonse ndinkati yamumaliza. Mphepo inkalowera pachibowo chomwe ndinaboola ndekha, cholunjika pamsana pa mwana, ndiye ndinatsekapo ndi chikhatho ulendo wonse. Fungo la tsitsi lopsa linali pamphuno panga penipeni. Ndinaweramitsa mutu m'bulangetemo n'kumamvetsera ndi khungu ngati kachifuwa kake kakuyenda. Kankayenda, kuima, ine mtima n'kuima nawo, kenako kuyendanso. Ndinkamulankhula zopanda mutu. Ndinamulonjeza njinga, sukulu, nsapato. Titawoloka mlatho ndinayamba kutuluka thukuta m'bulangetemo, ndipo penapake pafupi ndi tauni kadzanja kake kanandikanda pachifuwa.

Kuchipatala namwino anangomuona kamodzi n'kutidumphitsa mzere. Anamuyeza kutentha kwa thupi, kuyang'ana kachipangizoko, n'kuitana mnzake mwachangu. Anamumasula pachifuwa panga n'kulowa naye m'chipinda momwe ine sanandilole. Ndinatsala pakhonde, bulangete lili paphewa, anthu akundiyang'ana ngati wamisala. Ennie anafika thovu la sopo likadali m'manja n'kulowa osandiona n'komwe.

Ndili pomwepo foni inalira. Anali Weston.

"Aise, lero sutsegula? Paja dzulo sindinamalize kuwerenga. Pansi pake akuti mabulangete omwewa amapatsanso mwana akabadwa, ena paukwati, ena akamaliza sukulu. Akuti ndi mphatso yaulemu kwambiri kwawoko. Ndiye lako lija mwina linali la..."

Ndinadula foni. Ndikanakhala naye pafupi, bwenzi pano ndikulemba nkhaniyi ndili kundende ya Maula. Koma ngakhale mkwiyo unali wotani, ndinkadziwa kuti Weston sanavundukule mwana wanga. Anangolankhula, monga amalankhulira tsiku lililonse.

Patapita nthawi yaitali namwino uja anatuluka ndi Ennie. Anati mwana ali ndi matenda m'magazi, n'chifukwa chake anasiya kuyamwa, ndipo tinkayenera kubwera naye tsiku lomwe anayamba kufooka. Anati wamuika pa mpweya ndi pamakina otenthetsa, mankhwala ayamba, koma thupi linazizira kwambiri moti kanthawi kena pang'ono bwenzi tikunena zina.

"Chamuthandiza n'chakuti mwabwera naye pachifuwa, m'bulangete lotentha chonchi," anatero namwinoyo, n'kubwerera m'kati.

Ennie anakhala pabenchi pafupi nane. Maso anali atatupa. Anandigwira dzanja, chinthu chomwe sachita pagulu.

"Zikomo bambo a Yona," anatero. "Mukanapanda kumuika pachifuwa m'mawa muja, sindikudziwa."

Ndikanatha kukhala chete. Amayi Nabanda si munthu wa mijedo, sakanaulula. Koma dzanja la Ennie linatsetsereka pabulangete n'kupeza chibowo chija, m'mphepete mwake muli makala. Analowetsamo zala n'kundiyang'ana.

Ndinamuuza zonse. Za Weston, za machesi, za chitseko chotsegula, ndi zoti pachifuwa sindinamuike mpaka Amayi Nabanda atandikalipira. Sanalire, sanatukwane, ndipo ndikanakonda akanatukwana. Anachotsa dzanja lake m'dzanja langa, kundivula bulangete paphewa, kulipinda bwinobwino n'kulowa nalo kwa mwana. Ine ndinatsala pabenchi chifuwa chili pamtunda, ndikunjenjemera.

Yona anakhala m'chipatala masiku khumi ndi awiri. Anatuluka. Pano akukwawa, ndipo amakoka chilichonse chomwe chili patebulo. Miyezi iwiri yotsatira ndinkamunyamula pachifuwa masana aliwonse, benchi n'kumusiyira Weston kuti aone zomwe pakamwa pake panagula. Ennie anayambanso kundilankhula pang'onopang'ono, poyamba za sopo ndi makala, kenako zina.

Bulangete lija Yona amagona nalobe. Mwezi wathawu ndinalitenga kuti ndipite nalo kwa telala akaike chigamba pachibowo paja, popeza ndikaliona mtima umandiwawa. Ennie anandipeza pakhomo n'kundilanda.

"Lisiyeni choncho," anatero. "Akadzakula adzafunsa chinaboola apa n'chiyani. Ndipo mudzamuyankha ndinu."